Nkhuku zotayirira zimafuna mwini wake akhale pafupi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya kuweta nkhuku motayirira, chifukwa ndaona kuti anthu amene amasunga nkhuku zochepa kuseri kwa nyumba agawanika pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zikuluza popanda chifukwa chokwanira. Pali ena amene amatsekula khola kukangocha n'kuiwala za ziweto zawo mpaka tsiku limene adzafune dzira, ndiye pali ena amene, atapwetekedwapo kamodzi ndi kabawi kapena matenda, analumbira kuti nkhuku zawo sizidzapondanso panja. Ine ndinayambira ku gulu loyambalo, ndipo nkhuku zimene ndataya m'zaka zimene ndakhala ndikuweta ndi zimene zandichititsa kulemba kalatayi. Maganizo anga ndi akuti nkhuku iyenera kuyenda, kupalasa ndi kusamba m'fumbi, koma mwini wake ndiye ayenera kusankha nthawi yotuluka, malo oyendamo ndi nthawi yobwerera, ndipo ayenera kukhalapo yekha pa nthawi ziwiri zimene ngozi zimachuluka, kum'mawa ndi chakumadzulo.

Kuti timvetse chimene nkhuku imafuna ikakhala panja, ndi bwino kukumbukira kumene inachokera. Makolo a nkhuku zonse zimene timaweta ndi nkhuku zakutchire zofiira za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, mbalame zimene zimakhala m'mphepete mwa nkhalango, zimapalasa pansi pa zitsamba masana n'kukwera m'mitengo kukada. Zaka zambirimbiri za kuwetedwa sizinachotse khalidwe limenelo. Mu 2003 Marian Dawkins wa ku Yunivesite ya Oxford ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ataonetsetsa nkhuku za m'mafamu otayirira ku Britain, ndipo anaona kuti zambiri sizinkatuluka n'komwe ngakhale makomo anali otsekula, pamene zochepa zimene zinkatulukazo zinkakonda malo okhala ndi mitengo. Woweta aliyense amene anakhalapo pansi n'kuyang'ana nkhuku zake kwa ola limodzi sangadabwe nazo zimenezi. Nkhuku imadutsa mothamanga pamalo oyera, koma ikafika pansi pa chitsamba imadekha n'kuyamba kupalasa. Choncho bwalo lalikulu, losalala, lopanda kanthu kobisalapo, limene limasangalatsa maso a munthu, ndilo malo oopsa kwambiri kwa nkhuku, chifukwa kabawi amafuna mpata woti atsike mowongoka popanda chomutchinga.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga tsiku lina masana ndili chikhalire pakhonde. Tambala analira kulira kwachilendo, kotalika ndi kopyapyala, mutu ataupendeketsa kuti diso limodzi liyang'ane kumwamba, ndipo m'kuphethira kwa diso bwalo lonse linali mbee, nkhuku zina zili pansi pa mulu wa nthambi zimene ndinadula dzulo lake, zina zili pansi pa ngolo. Thadzi limodzi lokha, limene linali ndi anapiye 9, linapezeka pakati pabwalo. Linatambasula mapiko n'kudzitukumula, anapiye ena analowa pansi pake, koma awiri anathamangira kumene kunalibe pobisala, ndipo mmodzi anapita ndi kabawi ine ndisanaimirire n'komwe. Kuchokera pamene anagwidwapo kufika pa mulu wa nthambi uja panali mapazi osakwana 15. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuchotsa zitsamba zonse, ndipo pamalo oyera ndinaimika timisasa tating'ono ta malata akale ndi nthambi, motalikirana pang'onopang'ono, kuti nkhuku ikakhala paliponse isasowe kothawira pafupi.

Kulira kwa tambala kuja sikunali kwa mwangozi. Akatswiri a khalidwe la zinyama, Christopher Evans ndi Peter Marler, anasonyeza m'zaka za m'ma 1990 kuti nkhuku zili ndi kulira kosiyana kochenjeza za mdani wochokera kumwamba ndi mdani woyenda pansi, ndipo zinzake zimachita mosiyana malinga ndi kulira kumene zamva: zikamva koyambako zimanyata pansi kapena kuthawira pobisika, zikamva kwachiwiriko zimaimika makosi n'kuyang'ana uku ndi uku. N'chifukwa chake ndimaona kuti tambala mmodzi watcheru ndi wofunika pa gulu la nkhuku zotayirira, pokhapokha ngati malamulo a kumene munthu akukhala kapena mtendere ndi anansi sizilola.

Komabe ngakhale tambala atakhala watcheru chotani, anapiye sayenera kuyenda momasuka m'masabata awo oyambirira, ndipo pamenepa mpamene oweta ambiri amatayira phindu lawo lonse. Thadzi limafungatira mazira masiku 21, limaswa anapiye okongola, koma pakatha mwezi umodzi mwini wake amapeza kuti latsala ndi awiri kapena atatu, n'kumati ndi mmene zimakhalira. Sindivomereza zimenezo. Mwanapiye amafa ndi kabawi, khwangwala, mphaka ndi khoswe, komanso amafa ndi zinthu zimene sitiziganizira, monga kunyowa ndi mame akamatsatira mayi wake m'udzu m'mamawa, kutopa chifukwa thadzi layenda mtunda wautali, ndi kumira m'chiwiya chakuya cha madzi. Chimene chinasintha zinthu kwa ine ndi kakhola kopepuka kopanda pansi, kokutidwa ndi waya pamwamba ndi m'mbali, kamene ndimakasuntha tsiku lililonse kukaika pa udzu watsopano. Thadzi ndi ana ake amapalasa, amaothera dzuwa mbali imodzi n'kukhala pamthunzi mbali inayo, koma palibe chimene chingawafikire. Madzi ndimawaikira m'mbale yosaya yokhala ndi timiyala. Amakhala mmenemo masabata 6 mpaka 8, kufikira atamera nthenga zenizeni ndi kuphunzira kuthamanga, ndipo akatero ndimayamba kuwatulutsa madzulo okhaokha ine ndilipo. Ntchito yake ndi yowonjezera ndithu, chifukwa anapiye otsekeredwa amafuna kupatsidwa chakudya chokwanira chokhala ndi zomanga thupi, koma walira mvula walira matope.

Za nthawi yotsekula khola, ine ndimaona kuti kufulumira kulibe phindu. Kukamacha ndi pamene zilombo zoyenda usiku zimakhala zisanabwerere kokagona, udzu umakhala wonyowa, ndipo nkhuku zambiri zimaikira mazira m'maola a kum'mawa. Ukazitulutsa mbandakucha, zina zimakaikira kutchire, ndipo vuto la chisa chobisika si kutaya mazira kokha. Thadzi likasonkhanitsa mazira okwanira limayamba kufungatira komweko, limagona panja usiku uliwonse kwa masabata atatu, ndipo nthawi zambiri chimene mwini wake amadzapeza ndi nthenga ndi zikhokhombe za mazira. Ndikazisunga m'khola ndi m'kampanda kake mpaka cha m'ma 10 koloko, zambiri zimakhala zitaikira m'zisa zimene ndinakonza, ndipo zimatuluka zitadyako ndi kumwa madzi oyera, motero sizithamangira kutali ndi njala. Nkhuku yachilendo imafunika kutsekeredwa pafupifupi sabata yathunthu kuti idziwe kuti pamenepo ndi pakwawo, ndipo tsiku loyamba kuitulutsa likhale ola limodzi kapena awiri dzuwa lisanalowe, chifukwa mdima wokha umaibweza isanafike patali. Ndimazizolowetsanso kuitana kumodzimodzi tsiku lililonse ndikamamwaza timbewu pang'ono pakhomo pa khola madzulo. Chizolowezi chimenechi chimaoneka chaching'ono, koma tsiku limene galu wachilendo walowa pabwalo kapena mvula yamkuntho ikubwera, chimathandiza kuzisonkhanitsa zonse m'mphindi zochepa.

Usiku ndiye sufuna kukambirana. Nkhuku siona bwino mumdima, ndipo ikakhala pamtengo wake wogonapo imakhala ngati yamangidwa, moti chilombo chimatha kuigwira popanda kulimbana kulikonse. Kusiya nkhuku kuti zizigona m'mitengo panja n'kuzipereka kwa kadzidzi ndi vumbwe. Tsiku lina ndinabwera mochedwa kunyumba, ndili wotopa, ndipo ndinaganiza kuti usiku umodzi wokha chitseko chikhoza kukhala chongotsekedwa popanda kukhoma. M'mawa ndinapeza chitseko chili pululu, misoti itatu ili pansi yolumidwa m'makosi, yachinayi kulibe, ndipo zotsalazo zinali zitaunjikana pakona osafuna kutsika. Zinasiya kuikira kwa masiku angapo, ndipo kwa sabata yathunthu ndinachita kuzinyamula pamanja kuzilowetsa m'khola chifukwa zinkaliopa. Palibe wina amene ndingamuloze chala pa zimenezo. Chimene ndinaphunzira n'chakuti chilombo chimayendera khola usiku uliwonse kuyesa ngati pali polowera, ndipo chikapeza kamodzi chimabweranso.

Khola labwino silifuna kukhala lokongola kapena lodula, koma lisakhale ndi mpata umene chala cha munthu chingalowe, chifukwa likongwe, khoswe ndi njoka zimadutsa pang'ono kwambiri. Waya wopyapyala wa maso aakulu uja, umene anthu ambiri amagula, ntchito yake ndi kuletsa nkhuku kutuluka, koma galu amaung'amba ndipo tizilombo tating'ono timadutsa m'maso mwake. Pamazenera ndi m'munsi mwa khola pamafunika waya wolimba wa maso osapitirira mamilimita 13, ndipo kwa zilombo zokumba, wayayo akwiriridwe pansi masentimita 30 kapena ayalidwe pansi mozungulira khola n'kuphimbidwa ndi dothi. Mpweya uzilowa bwino cha kumwamba, chifukwa khola lotsekeka kotheratu limadzaza fungo la zitosi limene limawononga mapapo a nkhuku. Ndipo potseka, munthu aziwerenga. Amene sadziwa kuti nkhuku zake ndi zingati amadzazindikira kuti pali vuto zitatha kale theka.

Koma mdani amene amatha nkhuku zotayirira kuposa zilombo zonse pamodzi ndi chitopa. Matendawa, amene m'Chingerezi amatchedwa Newcastle potengera mzinda wa Newcastle upon Tyne ku England kumene anaonekera mu 1926, chaka chomwecho chimene anaonekeranso pa chilumba cha Java, amayamba ndi kachilombo kamene kamafala kudzera m'zitosi, m'mamina, m'madzi akumwa, pa nsapato ndi pa madengu onyamulira nkhuku. Kakakhala ka mtundu wamphamvu kamatha kupha pafupifupi nkhuku zonse zosabayidwa katemera m'masiku ochepa, ndipo palibe mankhwala ochiza nkhuku imene yadwala kale. Popeza nkhuku zotayirira zimakumana ndi za anansi pamalo opalasa ndi pa zithaphwi, matenda akalowa pakhomo limodzi amakhala alowa m'dera lonse. Ine ndinawabweretsa ndekha pakhomo panga. Ndinagula tambala wamkulu, wa nthenga zonyezimira, wooneka wathanzi, n'kumusakaniza ndi zinzake tsiku lomwelo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: patatha masiku asanu anayamba kuwodzera, mapiko ali lende ngati wafunda chikhotho, akupuma ndi kukamwa, zitosi zili zobiriwira, ndipo sabata yotsatira ndinkatola nkhuku zakufa m'mawa uliwonse. Zochepa zimene zinapulumuka, zina zinatsala ndi makosi opotoka. Wogulitsayo mwina sanadziwe n'komwe, chifukwa kachilomboka kamatha kukhala m'thupi masiku 2 mpaka 15 zizindikiro zisanaoneke.

N'chifukwa chake nkhuku iliyonse yochokera kwina, kaya yogula kaya yamphatso, iyenera kukhala payokha, kutali ndi zinzake, kwa masabata osachepera awiri, ndipo mwezi wathunthu ndiye wabwino koposa. Woweta azisamalira zakalezo choyamba, yachilendoyo pomaliza, n'kusamba m'manja. Chachikulu kwambiri ndi katemera. Katemera wotchedwa I-2, amene anapangidwa ku Yunivesite ya Queensland ku Australia, anakonzedwa poganizira oweta ang'onoang'ono amene alibe firiji yodalirika, chifukwa amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ngakhale kuti nayenso amafuna kusungidwa pozizira ndi pamthunzi. Amaperekedwa ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala, ndipo amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amalakwitsa kawirikawiri. Ena amadikira kuti matenda afike kaye kenaka n'kuthamangira katemera, osadziwa kuti chitetezo chimatenga sabata imodzi kapena iwiri kuti chikhwime, ndipo nkhuku zikafa amanena kuti katemerayo ndiye wazipha. Ena amapereka kamodzi n'kuganiza kuti zatha. Kumene nkhuku zimasakanikirana, chanzeru ndi chakuti anansi agwirizane tsiku limodzi n'kutemera zonse, mothandizidwa ndi alangizi a ziweto, popeza botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa zimene banja limodzi limasunga.

Chimfine cha mbalame nacho chiyenera kutchulidwa, chifukwa chimakhudza mwachindunji nkhuku zoyenda panja. Mtundu wa H5N1 unapezeka koyamba mwa atsekwe ku Guangdong m'dziko la China mu 1996, ndipo mu 1997 unadwalitsa anthu 18 ku Hong Kong, 6 mwa iwo n'kumwalira. Mbalame zakutchire za m'madzi, monga abakha ndi atsekwe, zimatha kunyamula tizilombo ta chimfinechi kupita nato kutali. Choncho chakudya ndi madzi a nkhuku zizikhala pansi pa denga pamene mbalame zakutchire sizingafike kapena kuchitirapo zitosi, ndipo nkhuku zisamamwe m'madambo ndi m'maiwe amene mbalame zoterezi zimatera. Akuluakulu oona za ziweto akalengeza kuti matenda abuka ndipo nkhuku zitsekeredwe, monga zimachitikira kawirikawiri m'maiko a ku Ulaya, woweta wanzeru amamvera, ndipo n'chifukwa chake ngakhale wotayirira ayenera kukhala ndi kampanda kofoleredwa kokwanira nkhuku zake zonse kwa masabata angapo. Nkhuku zikayamba kufa zambiri mwadzidzidzi, zisadyedwe kapena kugulitsidwa mothamanga pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa imeneyo ndiyo njira imene matenda amadumphira kuchoka m'dera lina kupita lina. Zakufazo zikwiriridwe mozama kapena kutenthedwa, osazigwira ndi manja osavala kanthu, ndipo alangizi adziwitsidwe.

Pali ngozi ina imene timaiika tokha pabwalo. Nkhuku imajompha chilichonse chooneka ngati njere, ndipo sisiyanitsa chimanga ndi mankhwala a makoswe, timibulu ta feteleza kapena mbewu zopakidwa mankhwala zimene zatayikira pansi pokadzala. Dimba likapoperedwa mankhwala ophera tizilombo, nkhuku zisafikeko mpaka masiku olembedwa pa botolo atakwana. Mabatire akale osweka ndi penti wakale wosendeka pakhoma zimatha kukhala ndi mtovu, umene umalowa m'thupi la nkhuku n'kufika mpaka m'mazira amene ana athu adzadya. Chizolowezi chotayira nkhuku mbewu zachuku, poganiza kuti zimene munthu sangadye nkhuku ingadye, n'choopsa kwambiri. Poizoni wa m'chuku wotchedwa aflatoxin anadziwika pambuyo poti nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England mu 1960 zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wachuku, ndipo ngakhale atakhala wochepa amawononga chiwindi, amachepetsa mazira ndi kufooketsa chitetezo cha nkhuku ku matenda ena. Nyama yowola nayo isasiyidwe pamtunda, chifukwa mphutsi zake zimatha kunyamula poizoni wa botulism amene amalefula miyendo, mapiko ndi khosi la nkhuku mpaka kufa. Kuyendera bwalo kamodzi pa sabata, maso ali pansi monga mmene nkhuku imayang'anira, kumachotsa zambiri mwa ngozi zimenezi.

Malo nawo ali ndi malire ake. Malamulo a European Union, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, amafuna kuti nkhuku iliyonse yoikira mazira otchedwa a nkhuku zotayirira ikhale ndi malo a panja okwana masikweya mita 4, ndipo ngakhale woweta wa pakhomo sakakamizidwa ndi lamulo limenelo, chiwerengerocho chimathandiza kuganiza. Nkhuku zikachuluka pamalo ochepa, udzu umatha, dothi limadzaza zitosi, ndipo mazira a njoka za m'mimba amaunjikana, moti kutayirira kumasanduka kudwalitsa. Kugawa bwalo pawiri kuti mbali ina izipuma, kuika dothi louma losakaniza ndi phulusa pamalo osanyowa kuti zizisambamo, ndi kuyang'ana ndi nyali usiku m'ming'alu ya mitengo yogonapo mmene utitiri umabisala, zimathandiza kwambiri. Tisadzinamizenso kuti ziwala, chiswe ndi nyongolotsi zimene nkhuku imatola zimakwanira nyengo zonse. Thadzi loikira limadya pafupifupi magalamu 110 mpaka 120 a chakudya pa tsiku, ndipo chikhokhombe cha dzira lililonse chimatenga pafupifupi magalamu 2 a kashiamu m'thupi mwake. Nkhuku yanjala ndi imene imapita kutali, kumsewu ndi m'madimba a eni, ndipo nkhuku yaludzu ndi imene imamwa madzi oipa. Popeza nkhuku situluka thukuta, nthawi yotentha imafuna mthunzi ndi madzi ozizira pamalo oposa amodzi.

Nkhani ya anansi ndimaitenga ngati mbali ya chitetezo cha nkhuku zomwezo, chifukwa nkhuku zambiri zimafa ndi mwala, msampha kapena galu wa munthu amene zamufukulira mbewu zake kangapo ndipo madandaulo ake sanamveke. Mwini dimba ali ndi ufulu wodandaula, ndipo udindo woletsa ndi wa mwini nkhuku. Mpanda, ngakhale wa zomera, umathandiza, ndipo kwa nkhuku youluka kwambiri, kudula nsonga za nthenga zazitali za phiko limodzi lokha kumaiteteza kuti isadumphe, popanda kuipweteka, malinga ngati nthengazo zakhwima kale. Pakhomo pamene pali ana okwawa, nkhuku zisalowe m'nyumba kapena pamene anawo amasewera ndi kudyera, chifukwa zitosi za nkhuku yooneka yathanzi zimatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter timene timatsekula m'mimba, ndipo mwana wamng'ono amaika m'kamwa chilichonse chimene watola. Aliyense wotola mazira kapena kusesa m'khola azisamba m'manja ndi sopo.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti pa tsamba lanu la zaulimi muziikapo chikumbutso cha katemera wa chitopa katatu pa chaka, mogwirizana ndi madokotala a ziweto amene amadziwa miyezi imene matendawa amabuka kwambiri, ndipo chikumbutsocho chizituluka mwezi umodzi nyengo yoopsayo isanafike, kuti owerenga anu akhale ndi nthawi yogwirizana ndi anansi awo, kupeza botolo ndi kutsekera nkhuku zawo usiku woti mawa lake ndi tsiku lotemeralo.

Ine wanu,
Woweta nkhuku pakhomo